Kamera ya Mphindi Imodzi

M'nyumba ya agogo anga kuno ku Kafue muli citini cakale ca tiyi cimene ana saloledwa kucikhudza. M'citinimo mumakhala makalata a ubatizo, ziphaso za sukulu, ndi kabuku ka ku positi ofesi kamene ndalama zace zinatha kalekale. Ndipo pa ubwana wanga wonse munali zithunzi ziwiri zokha. Cimodzi ndi ca agogo amuna ndi agogo akazi ataimirira pakhomo pa nyumba yao ku Estates, ndipo m'munsi mwace, pa mpata woyera, agogo akazi analembapo ndi dzanja lao kuti 1975. Cinzace ndi cacing'ono, cosaposa bokosi la macesi: nkhope ya mwamuna wosaseka, wopenya kutsogolo monga munthu wouzidwa kuti asagwedezeke. Ameneyo ndiye mkulu wao wa agogo amuna, amene anapita ku Joni nachona komweko. Ndifuna kukufotokozerani mbiri ya makina amene anatulutsa cithunzi coyambaco, ndipo mudzaona kuti mbiri yomweyo idzatifikitsa ku cithunzi caciwiri, ngakhale poyamba ziwirizi zioneka ngati ziribe cibale.

Inu amene mwangotsiriza sukulu munakulira m'masiku a foni, ndipo kwa inu kujambula cithunzi sikusiyana ndi kuphethira. Kale sikunali kotero ai. Kujambulitsa kunali ulendo. Munthu anayamba wasamba, nasita malaya, nabwereka jekete kwa mnzace ngati analibe lace. Ndipo atakhala pa mpando wa wojambula ndi kulipira ndalama zace, anabwerera kunyumba cimanjamanja. Wojambulayo anayenera kuyamba watsiriza filimu yonse, kenaka kuitsuka m'cipinda ca mdima, kapena kuitumiza kwa ena okhala naco cipindaco. Agogo amanena kuti kuno munthu anali kudikira sabata, mwina masabata awiri, kuti filimu ipite ku Lusaka ndi kubwerako. Ndipo nthawi zina cobwerako cinali cithunzi ca munthu wotsinzina, kapena wodulidwa mutu, ndalama zitapita kale. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo panalibe anthu odziwa mwambi umenewu kuposa ojambulitsa a masiku aja.

Cifukwa ca kucedwako cinali ici. Pa filimu pamapakidwa mcere wina wa siliva umene umasandulika ukaombedwa ndi kuwala. Kamera ndi bokosi cabe losalowa kuwala, lokhala ndi diso la galasi limene limatseguka kamphindi kocepa. M'kamphindiko kuwala kocokera pa nkhope ya munthu kumagwa pa filimu, koma cimene calembedwapo sicioneka ndi maso kufikira filimuyo itabviikidwa m'mankhwala oyamba, amene amadetsa malo onse amene kuwala kunagwapo. Mankhwala aciwiri amasungunula mcere wotsala, kuti kuwala kwina kungauononge. Cotuluka pamenepo ndi cithunzi cotembenuka, cimene amisiri amacicha negetivu: malaya oyera aoneka akuda, ndipo nkhope yakuda ioneka yoyera. Kuti munthu apeze cithunzi ceniceni ayenera kuunikira negetivuyo pa pepala lina lokhala ndi mcere womwewo, ndi kubwereza nchito yonse ya mankhwala, kutsuka ndi kuyanika. Zonsezi zifuna mdima, madzi, mbale zingapo ndi munthu wophunzira.

Amene anathetsa kudikira kumeneku anali Edwin Land, wa ku America, wobadwa m'caka ca 1909. Analowa sukulu yaikulu ya Harvard koma sanatsirize, pakuti mtima wace wonse unali pa kufufuza za kuwala. Wina wa inu asamwetulire powerenga mau amenewa: Land anasiya kalasi koma sanasiye mabuku, ndipo anali kuswera m'nyumba yaikulu ya mabuku ya ku New York monga mlimi aswera kumunda. Cinthu coyamba cimene cinamchukitsa cinali pepala loonekera ngati galasi, losefa kuwala monga sefa asefera ufa, kotero kuti munthu wobvala magalasi ace angathe kupenya pa madzi dzuwa liri kung'anima, osathobwa m'maso. M'caka ca 1937 anakhazika kampani yace ya Polaroid, imene nyumba zace zinadzakhala ku Cambridge, pafupi ndi mzinda wa Boston.

M'caka ca 1943 Land anali pa chuthi ndi banja lace ku Santa Fe, ndipo anajambula mwana wace wamkazi wa zaka 3. Mwanayo anafunsa cifukwa cace sakadatha kuona cithunzico nthawi yomweyo. Atate ambiri, ndi ine ndemwe, tikadamuuza kuti apite akasewere. Land anapita kukayenda yekha ali kulingalira funso la mwanayo, ndipo monga anasimbira mwini wace, lisanathe ora limodzi anali ataona m'mutu mwace kamera, filimu ndi mankhwala ace. Koma kuona cinthu m'mutu ndi kucigwira m'manja ndi zinthu ziwiri. Panapita zaka zoposa 3 za nchito yowawa, kufikira pa 21 February 1947, pamene anaimirira pamaso pa akatswiri a za kuwala ku New York, najambula nkhope yace yomwe, ndipo itapita mphindi imodzi anawaonetsa cithunzi cathunthu.

Nzeru yace inali ya kulowetsa cipinda ca mdima m'kati mwa kamera momwemo. M'kameramo munali mipukutu iwiri: wina wa negetivu, wina wa pepala lolandira cithunzi. Pa pepala laciwirili, kumutu kwa cithunzi ciri conse, panamatidwa kathumba kodzala ndi mankhwala olimba ngati phala, kotsekeka ngati khoko la nyemba. Munthu atajambula anali kukoka lilime la pepala lotulukira kunja, ndipo pokokapo mapepala awiriwo anadutsa pamodzi pakati pa zitsulo ziwiri zogudubuzika, monga nzimbe idutsa m'makina ofinyira. Zitsulozo zinaphulitsa kathumba kaja ndi kuyala mankhwala mofanana pakati pa mapepalawo. Tsono cherani khutu, pakuti nzeru yeniyeni iri apa. Mcere wa siliva umene kuwala sikunaukhudze, umene amisiri akale anali kuutsuka ndi kuutaya, Land sanautaye ai. Mankhwala ace anausungunula nausamutsira pa pepala linalo, ndipo kumeneko unada. Popeza zinthu zakuda sizitumiza kuwala kwambiri pa filimu, malo a zinthu zakuda ndiwo anali ndi mcere wotsala woculuka, ndipo malo omwewo ndiwo anada pa pepala. Cotero cithunzi cinatuluka colunjika, cakuda pakuda ndi coyera poyera. Cimene ena anaciyesa zinyalala ndico cinakhala cithunzi.

Kamera yoyamba, yochedwa Model 95, inagulitsidwa pa 26 November 1948 m'sitolo ya Jordan Marsh ku Boston, pa mtengo wa madola pafupifupi 90, ndipo onse amene anabwera nao anatha tsiku lomwelo. Sinali yokongola kwenikweni. Inalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo potsegula, diso lace linali kutuluka kutsogolo pa cikopa copindikapindika ngati mvukuto wa osula. Mpukutu umodzi unali ndi zithunzi 8, za maonekedwe ofiirira ngati tiyi. Pamene kampani inatulutsa filimu ya zakuda ndi zoyera m'caka ca 1950 inagwa m'bvuto, cifukwa zithunzi zinayamba kufwifwa itapita miyezi yowerengeka. Ndipo kwa zaka zambiri m'bokosi liri lonse la filimu anali kuikamo kopakira konunkha, kakuti munthu apake pa cithunzi cace cisanazilale. Zithunzi za mitundumitundu zinafika m'caka ca 1963, ndipo m'caka ca 1965 inatuluka kamera yochipa ya pulasitiki, dzina lace Swinger, ya madola 20, yopangira anyamata ndi atsikana.

Land sanakhutire. Cinamnyansa kuti munthu ayenera kuyang'ana wochi, kusenda mapepala, kudetsa zala ndi mankhwala oyabwa, ndi kusiya zinyalala pali ponse pamene wajambula. Anafuna kamera yakuti munthu angopenya, kudina, basi. M'caka ca 1972, pa msonkhano wa eni ace a kampani, anaturutsa m'thumba la jekete lace kanthu kophwathalala ngati buku laling'ono, kokutidwa ndi cikopa ndi citsulo conyezimira. Anakakoka pamwamba, ndipo kanaimirira nikakhala kamera, najambula zithunzi 5 m'masekondi 10. Imeneyo ndiyo SX-70, imene ambiri odziwa amati ndiyo yopambana makamera onse a Polaroid. M'kati mwace muli akalirole amene amapinda njira ya kuwala kuti ikwane m'malo opapatiza, ndipo wojambula amapenya kupyolera m'diso lomwelo limene lijambula, kotero kuti cimene aona ndico cimene adzalandira. Batire siikhala m'kamera, koma m'bokosi la filimu, pansi pa mapepala, amene masiku aja anali 10. Munthu akagula filimu yatsopano wagulanso batire yatsopano, ngakhale sadziwa.

Koma codabwitsa coposa cinali pepala lace. Kameraka kamalabvula pepala nthawi yomweyo, poyera, dzuwa liri pamutu. Nanga kuwala sikuononga bwanji cithunzi cimene cisanakhwime? Yankho lace liri m'kathumba kaja. M'mankhwalamo anasakanizamo utoto wocinjiriza, umene poyalidwa umaphimba negetivu ngati nsaru yakuda. Pansi pa nsaruyo mitundu ya cithunzi imakwera pang'onopang'ono, ndipo nchito ikamatha utotowo umayera wokha, cithunzi nicioneka. Mdima wa cipinda cija unasanduka madzi ocepa okwana pa nsonga ya cala. Ndipo mpata woyera waukulu wa m'munsi mwa cithunzi, umene anthu amayesa kuti unasiyidwa kuti alembepo maina, suli cokometsera ai: m'menemo ndimo mubisala kathumba ka mankhwala. Anthu ndiwo anaona mpatawo nayamba kulembapo, monga anacitira agogo anga.

Agogo amuna anafika ku Kafue kucokera kwao ku Katete pa masiku amene tauni ino inali kumera ngati bowa, pamene fakitale ya nsaru inatsegulidwa, ndi ya fetereza ya Nitrogen Chemicals m'caka ca 1970, ndipo anthu a zilankhulo zonse anali kudza kudzafuna nchito. Tsiku lina la Sabata injiniya wina wa kunja, wogwira nao nchito, anadzaceza kunyumba kwao ali ndi SX-70. Agogo akazi amasimba nkhaniyi kufikira lero, ndipo sasintha mau. Akuti kamera inalira ngati njuci, nilabvula pepala lopanda kanthu, ndipo anansi amene anasonkhana anayamba kunong'onezana kuti makina a mlendo alephera. Mlendoyo anaika pepalalo m'manja mwa agogo akazi nati angolipenya. Poyamba panaoneka mthunzi wa citseko, kenaka mapewa a anthu awiri, kenaka maluwa a pa citenje. Akuti kunali monga asodzi aturukira m'nkhungu pa mtsinje wa Kafue m'mamawa wa mwezi wa June. Amai ena analuluta. Mkulu wina anafunda nkhope ndi cipewa nacoka, nati iye safuna kuti mthunzi wace ugwidwe iye ali cipenyere. Ndipo pamene agogo anafuna kubweza cithunzico, mlendo anakana, nati cimeneco ndi cao, iye alibe cinzace.

Mau otsirizawo ndiwo afotokoza cifukwa cace anthu anaikonda kamera imeneyi. Cithunzi wamba ciri ndi negetivu imene imatsala ndi wojambula, ndipo iye angathe kusindikiza zina khumi kapena zana, mwini nkhope osadziwa. Cithunzi ca SX-70 ndi cimodzi cokha, monga dengu limene mmisiri waluka. Wojambula ndi wojambulidwa amaciona pamodzi ciri kubadwa, ndipo pamenepo payenera kuweruzidwa kuti adzacisunga ndani. Cikaperekedwa, caperekedwa ndithu.

Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Si mwana yekha amene safuna kudikira cithunzi. Boma nalonso silifuna. Ine ndine kalaliki, ndipo ndidziwa mtima wa ofesi: pamene anthu 200 aima pa mzere, cinthu ciri conse cofulumiza mzerewo timacilandira ndi manja awiri, ndipo kawirikawiri sitifunsa kumene mzerewo uli kupita. Makolo athu a m'dziko lino anadziwa citupa, cipepala cochula dzina la munthu, mudzi wace, mfumu yace ndi msonkho wace, cimene mwamuna anayenera kuonetsa pofuna nchito m'tauni. Ndipo anadana naco kotero kuti pa cipolowe ca Cha Cha Cha m'caka ca 1961 anthu a kumpoto anaunjika zitupa nazitentha. Koma kumwera kunali coposa citupa.

Mkulu wao wa agogo anacoka kumudzi m'zaka za m'ma 1950. Anadza ku Lusaka, nakwera sitima, naoloka mlatho wa njanji wa pa Kafue, umene unamangidwa m'caka ca 1906 ndipo ulipo kufikira lero. M'kalata yace yoyamba anauchula mlathowo, nati sanaone cinthu cacitali cotere. Dziko limene anafikako linali litangopanga lamulo la 1952, limene dzina lace linati ndi lothetsa mapasi, koma nchito yace inali kusonkhanitsa mapasi onse m'buku limodzi. Munthu wakuda ali yense wa zaka 16 ndi kuposapo anayenera kuyenda nalo bukulo usana ndi usiku. M'menemo munali cithunzi cace, nambala yace, cidindo ca msonkho, dzina la bwana wace, ndi cilolezo ca malo amene angakhaleko. Ndipo zidindo za zala zace zinali kusungidwa ndi Boma. Eni dziko analicha dompas. Wopezeka wopanda bukulo, kapena wokhala nalo losadindidwa bwino, anali kumangidwa, ndipo omangidwa cotero anali zikwi mazanamazana caka ciri conse. Pa 21 March 1960 anthu a ku Sharpeville anapita ku polisi atasiya mabuku ao kunyumba dala, ndipo apolisi anaombera napha anthu 69. Alendo ocokera kuno ndi ku Nyasaland naonso sanayende opanda mapepala. Kacithunzi ka m'citini kanafika m'kalata yotsiriza ya mkuluyo: anati wojambula anampatsa ziwiri, cimodzi anamata pa mapepala ace, ndipo cinaci atumiza kuti amai ace aone kuti ali moyo.

Buku lotere lifuna zithunzi zikwi ndi zikwi, ndipo lizifuna msanga. M'caka ca 1966 Polaroid inaturutsa makina ochedwa ID-2, amene anali kujambula nkhope ya munthu pamodzi ndi mau olembedwa za iye pa pepala limodzi, ndi kuturutsa ciphaso cokutidwa ndi pulasitiki m'mphindi 2. Makinawa, pamodzi ndi makamera ena ndi filimu, anali kugulitsidwa ku South Africa kupyolera mwa kampani ya Frank & Hirsch. Amisiri awiri a zithunzi, Adam Broomberg ndi Oliver Chanarin, amene anaonetsa nchito yao ku Johannesburg m'caka ca 2013 atajambula ndi ID-2 yakale, analozera anthu kabatani ka pa makinawo koonjezera mphamvu ya nyali, nati kanaikidwapo kuti nkhope zakuda zizioneka bwino. Mafilimu ambiri a masiku aja anayesedwa pa khungu loyera, ndipo ife tinali kuturuka ngati mithunzi ya mano okhaokha. N'comvetsa cisoni kuti pamene amisiri anasamala za khungu lathu, anatero pa makina opangira ziphaso.

Amene anaulula nkhaniyi sanali nduna kapena bishopu. Anali anchito awiri akuda a Polaroid yomweyo ku Cambridge: Caroline Hunter, mtsikana wophunzira za mankhwala, ndi Ken Williams, wojambula zithunzi. M'caka ca 1970 anaona m'nyumba ya nchito ciphaso ca citsanzo colembedwa dzina la cigawo ca migodi ca Boma la South Africa. Anafufuza, nalemba timapepala, natimata pa zipupa za kampani, nayambitsa gulu lochedwa Polaroid Revolutionary Workers Movement. Anafuna zinthu zitatu: kuti kampani icoke ku South Africa, kuti itsutse tsankho poyera, ndi kuti phindu limene inapeza kumeneko lipite kwa omenyera ufulu. Anapempha anthu kuti aleke kugula katundu wa Polaroid, ndipo m'caka ca 1971 anakalankhula ku komiti ya United Nations yoona za tsankho. Onse awiri anataya nchito zao. Muganizire bwino zimenezi, inu amene muli kufuna nchito yanu yoyamba: Hunter anali asanakwanitse zaka 25, ndipo Polaroid inali kudziwika monga imodzi ya makampani osunga bwino anchito akuda.

Poyamba kampani inakana, koma pambuyo pace inabvomera kuti pafupifupi cithunzi cimodzi mwa zisanu za m'mabuku a pasi cinali kujambulidwa ndi zipangizo zace. Inatuma anthu 4, awiri akuda ndi awiri oyera, kuti akaone okha; ndipo m'mwezi wa January 1971 inalengeza m'manyuzipepala kuti siicoka, koma idzaleka kugulitsa kwa Boma la dzikolo, idzakweza malipiro a anchito akuda a Frank & Hirsch, ndi kupereka ndalama zothandiza maphunziro. Malipiro anakweradi, ndipo ana ena anaphunzira ndi ndalamazo. Cimeneci sitiyenera kucibisa. Koma pa anchito a Frank & Hirsch panali Indres Naidoo, amene anali atakhala zaka 10 m'ndende ya pa Robben Island. Iye anaona mapepala osonyeza kuti filimu inali kupitabe ku Boma mobisa, kupyolera m'sitolo ina ya mankhwala ya mu Johannesburg, ndipo anasunga umboni wace. Atathawa m'dzikomo, nyuzipepala ya Boston Globe inafalitsa nkhaniyo m'mwezi wa November 1977, ndipo Polaroid inadula malonda ace onse ndi South Africa. Inali kampani yaikulu yoyamba ya ku America kucita cotero. Mapasi okha anakhalabe kufikira 1986.

Ena amati wosula alibe mlandu pa cimene nkhwangwa yace yadula. Ine ndibvomera theka lace. Land sanapange kamera yace kuti imange anthu. Anaipanga cifukwa ca funso la mwana. Koma wosula amene wauzidwa kuti wogula uja ali kutema anthu, ndipo iye apitiriza kumnolera nkhwangwa kwa zaka 7 ali kunena kuti ali kumphunzitsa ulemu, sangasambe m'manja konse. Ndipo pa nkhani yonseyi amene ndimcitira ulemu woposa ndiye kalaliki mnzanga uja, amene anawerenga pepala lodutsa pa tebulo lace nafunsa kumene linali kupita.

Kuno kwathu, ufulu utabwera m'caka ca 1964, nafenso tinapanga lamulo lakuti munthu ali yense wa zaka 16 alembetse ndi kulandira ciphaso cokhala ndi cithunzi ndi cidindo ca cala cace, cimene tonse timacicha reji. Zaka zace ndi zomwezo za dompas, ndipo nkhope ya pa reji nayonso siseka. Koma palibe bwana wodinda pa reji kuti ugone kuti, ndipo mnyamata amaithamangira yekha, cifukwa ndi iyo adzalembetsa kubvota, adzatsegula buku ku banki, ndi kugula nambala ya foni. Komabe mphamvu ya munthu wokhala kuseri kwa tebulo siinathe. Caka cina ndinabweza amai okalamba ocokera ku Chanyanya cifukwa cithunzi ca pa fomu yao cinali cakuda kwambiri, maso osaoneka bwino. Ndinatsata malangizo, ndipo sindinalakwe pa lamulo. Koma madzulo ace ndinawapeza ali khale pa siteshoni ya basi, ali kuwerenga makobidi m'kansaru, ndipo ndinazindikira kuti ndalama yojambulitsira kaciwiri inali yomweyo ya ulendo wobwerera kwao. Mlandu unali wa wojambula amene sanadziwe kuunikira khungu lao, koma amene anagona ndi njala sanali iye, ndipo sindinali ine.

Za matsiriziro a Polaroid ndinena mwacidule. Kampani ya Kodak inaturutsa makamera ace a mtundu womwewo m'caka ca 1976; Polaroid inaisumira kuti yaba nzeru, niipambana, ndipo Kodak inaleka malondawo m'caka ca 1986, nilipira madola 925 miliyoni m'caka ca 1991, caka comweco cimene Land anamwalira. Koma mdani weniweni sanali Kodak. Masitolo otsuka filimu m'ora limodzi anacepetsa kudikira, ndipo makamera opanda filimu anakuthetseratu. Polaroid inagwa m'ngongole m'caka ca 2001, ndipo m'caka ca 2008 inalengeza kuti yaleka kupanga filimu. Anthu ocepa okonda zithunzi zotere anapulumutsa makina a fakitale yotsiriza ku Enschede, m'dziko la Netherlands, nayamba kufufuza mankhwala mwatsopano, popeza ena akale sanali kupezekanso. Anagulitsa filimu yao yoyamba m'caka ca 2010, ndipo pambuyo pace iwo ndiwo anatenga dzina la Polaroid. Kampani ya ku Japan ya Fujifilm nayo yakhala ikugulitsa makamera ace a Instax kuyambira 1998. Ngakhale pa foni panu, mukakongoletsa cithunzi ndi mpanda woyera wokula m'munsi, muli kutsanzira malo a kathumba ka mankhwala kamene simunakaone.

Pa ukwati wa msuweni wanga caka catha panali mtsikana woyendayenda ndi Instax, ali kujambula alendo ndi kuwagulitsa zithunzi pomwepo. Anyamata anali kukupiza mapepala ao m'mwamba kuti aume msanga, ngakhale palibe cimene ciuma, pakuti zonse ziri kucitika m'kati mwa pulasitiki. Agogo akazi, amene tsopano ndi amasiye, anaitana mtsikanayo, nakonza duku lao, nandiuza kuti ndiime pambali pao. Pepala litaturuka sanalikupize. Analigwira ndi manja onse awiri, nakhala cete kufikira nkhope zathu zitaoneka. Titafika kunyumba anatsegula citini. Cithunzi ca 1975 cafiira tsopano, ndipo maluwa a pa citenje azilala, koma kacithunzi ka mkulu uja kali cakuthwa monga tsiku limene kanafika. Anandipatsa colembera, popeza dzanja lao linjenjemera masiku ano, nati ndilembe caka pa mpata woyerawo. Ndipo ataika cithunzi catsopano pakati pa ziwiri zija, anatseka citini nacibwezera pamwamba pa kabati.